Musanaikitse mano ogwirira pa tizitsulo, funsani za zosinthira

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi anzanga amene akusonkha ndalama kuti makolo awo aikidwe mano ovula, aja ogwirira pa tizitsulo ta titanium tokhomedwa m'fupa la nsagwada.

Njirayi ndi yabwino. Mu 2002 akatswiri a mano atakumana pa yunivesite ya McGill ku Canada anagwirizana kuti munthu amene mano ake onse am'munsi anatha, choyamba kumuganizira chikhale mano ogwirira pa tizitsulo tiwiri. Mayi anga anakaikitsa otere kunja, ndipo anayambiranso kukukuta chimanga chootcha chomwe anasiya kalekale.

Koma pamwamba pa tizitsulopo pamakhala chogwirira, ndipo m'pamene pagona nkhani. Pali kampira kolowa m'kalabala, pali maginito, pali kamtanda kolumikiza tizitsulo tonse, palinso mtundu wotchedwa Locator wotsekeka mochita kudina. Mayi anawaikira Locator. Palibe anatiuza kuti timapulasitiki tam'kati mwake timaperepeseka ndi kuvulavula kwa tsiku ndi tsiku, ndipo timafunika kusintha. Mano atayamba kugwedera tinazungulira mzinda uno, kuchoka ku Ginnery Corner mpaka ku Limbe, osatipeza. Kuitanitsa kunja, vuto la ndalama zakunja mukulidziwa. Kanthu kochepa ngati njere ya nandolo kanawabwezera mayi ku phala kwa miyezi.

Yang'ananinso manja a mwini manowo. Mayi ali ndi nyamakazi, ndipo timapulasitiki tikakhala tatsopano amavutika kuvula mano usiku, mpaka mdzukulu awathandize, zomwe zimawachititsa manyazi. Maginito savuta kuvula, kungoti sagwira mwamphamvu. Kamtanda kamagwira zolimba, koma nsima imabisala pansi pake, ndipo wosatha kutsukapo bwino nkhama zimatupa. Odwala shuga ndi osuta fodya auzeni adokotala poyambirira, chifukwa tizitsulo timatha kulephera kugwirana ndi fupa.

Tsono musanalipire, funsani dzina la chogwiriracho, alilembe papepala, ndipo mugulire limodzi timapulasitiki tapadera. Funsaninso ngati alipo dokotala kuno kwathu amene angasinthe.

Ndikupemphanso a yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, amene anayamba kuphunzitsa madokotala a mano mu 2019 akadali College of Medicine, kuti ana athuwa aphunzirenso kukonza ndi kusintha zogwirirazi, poti alipo ambiri amene akubwera nazo kuchokera ku Joni ndi ku India.

Wowerenga wanu,
Chilomoni, Blantyre