Usanakwere ndege ya ku Jamaica

Mwana wanga,

Mndandanda wa ulendo wanu uja ndauwerenga kawiri. Ndakondwa, usaganize kuti sindinakondwe. Wagwira ntchito ya usiku miyezi yonseyi m'chisanu cha kumeneko, ukuyenera kukaothako dzuwa. Koma pali mzere umodzi umene wandisowetsa tulo, ndipo ukuudziwa kale. Tsiku lopita ku Good Hope, munda wakale wa nzimbe uja wa pafupi ndi Falmouth, alemba kuti mudzaona nyumba ya mwini munda, mudzatsetsereka pa waya pamwamba pa mitengo, mudzayandama pa machubu mumtsinje wa Martha Brae, komanso mudzalawa ramu. Kulawa! Iwe ndi mnzako uja munayamba mwalawapo botolo n'kulisiya?

Mlongo wako sanandiuze kanthu, usamukalipire. Zithunzi za pa Khirisimasi ndinaziona ndekha pa Facebook. Maso aja ndimawadziwa. Ndinakubereka ndine.

Ukudziwa kuti mbiri imeneyi ndinaiphunzitsa zaka zambiri, choko chili m'manja, koma malo ake sindinawapondepo. Iwe ukawaponda. Ndiye ndikufuna ukafike mutu uli bwinobwino. Munda umenewo unali wa John Tharp, mzungu amene anali ndi akapolo oposa 2,000 m'minda yake ya ku Trelawny. Nthawi yokolola, chigayo chofinyira nzimbe sichinkaima usana ndi usiku, chifukwa nzimbe ikadulidwa sichedwa kusasa. Munthu wotopa akasinza n'kulowetsa dzanja pakati pa zitsulo, m'minda yambiri nkhwangwa inkakhala pafupi yodulira mkonowo, kuti thupi lonse lisakokedwe. Madzi a nzimbe ankawawiritsa m'miphika ikuluikulu ya mkuwa, kutentha kwake kosaneneka. Zotsalira zakuda zija, molasesi, n'zimene ankatchezera ramu. Ndiye akamakupatsa kakapu akumwetulira, dziwa kumene kachokera.

Malume ako ankabwera kuchokera ku Chikwawa manja ali mabala okhaokha, masamba a nzimbe atamucheka, nkhope yakuda ndi mwaye wa munda wotenthedwa. Iye ankalandira malipiro, sanali kapolo, komabe ndinaona mmene chikwanje chimamalizira msana wa munthu. Ankakunyamula paphewa, nzimbe wakusendera kale, iwe madzi ake akuyenderera mpaka pamimba. Unali ndi zaka zinayi. Tsiku lamalipiro lija anamwa kachasu, anzake anamuletsa kuwoloka, iye n'kunena kuti mtsinje umenewu ndinakulira momwemo. Tinamupeza patapita masiku atatu. Sindinakuuzepo kuti amene anapita kukamuzindikira ndinali ine, agogo ako atalephera kuimirira.

Mowa ndi madzi, mwana wanga. Zinthu ziwirizi aziika tsiku limodzi pa pepala lako. Ramu yoyera ya kumeneko ina mphamvu yake imafika 63 peresenti, si mowa wa m'mabotolo umene unazolowera. Ndipo padzuwa umalowa msanga. Ndikudziwa unena kuti mtsinjewo ndi wofatsa, kuli otiperekeza, atipatsa majekete oyandamitsa. Vala jeketeyo, umange zingwe zake zonse. Pa waya paja uonetsetse wekha kuti akukoleka bwino, usachite manyazi kufunsa kawiri. Koma m'kamwa mwako musalowe kanthu usanalowe m'madzi. Ngakhale pambuyo pake, ine ndikanakonda osamwa n'komwe. Mnzako ujatu adzati usakhale ngati mwana wa Sande sukulu. Msiye anene. Chaka chatha pamene unagona m'chipatala, iye anabwera kangati?

Ndalama zogulira mabotolo obwera nawo, usunge. Denga la kukhitchini likudonthabe, koma sindikunenera zimenezo.

Ukapeza mpata pita ku Montego Bay, si kutali ndi Falmouth. Kuli bwalo lotchedwa dzina la Sam Sharpe, dikoni wa mpingo wa Baptist amene anauza akapolo anzake pa Khirisimasi ya 1831 kuti asagwirenso ntchito popanda malipiro. Minda inapsa, asilikali anapha anthu ambiri, ndipo iye anamunyonga pamalo omwewo mu 1832. Ana anga a Fomu 3 ndinkawauza kuti ameneyu ndi Chilembwe wa ku Jamaica, nayenso nkhope yake anaiika pa ndalama za dziko lake. Ukapolo unathetsedwa mu 1834, koma anthu anawagwiritsabe ntchito mokakamiza mpaka pa 1 Ogasiti 1838. Boma la Britain linapereka mapaundi 20 miliyoni a chipepeso, osati kwa akapolo ayi, kwa eni akapolo. Nthawi zonse ndikafika pamenepa kalasi inkangoti zii. Anthu amenewo ambiri anachokera kumadzulo kwa Africa. Athu a kuno ankawawolotsa pa Nkhotakota kupita ku Kilwa, njira ina. Komabe ukakaima pamenepo uvule chipewa.

Sindikuti usakasangalale. Kasambe, kaseke, kadye nsomba, ukwere wayayo ukuwe ngati mmene unkakuwira pa katungwe wa kuseri kwa tchalitchi. Umangoyenera kubwerako. Ndiwe mwana wabwino, ndalama za mankhwala anga sunadumphitsepo mwezi, ndipo ndimauza aliyense. N'chifukwa chake maso a pa chithunzi aja anandipweteka chonchi.

Undijambulire miphika ya mkuwa ija ngati ilipo, ndi mabwinja a chigayo, ndikufuna ndizione ndisanafe. Ndipo tsiku limenelo ukangotuluka mumtsinje undiimbire, osati uthenga wolemba, ndimve mawu ako. Kuno kudzakhala kutada, tili patsogolo ndi maola 7. Foni idzakhala pamtsamiro.

Ndine mayi ako.