Antifreeze yekha saletsa injini kuwira, onaninso kapu ya rediyeta

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndiyankhulepo za madzi a mu rediyeta, chifukwa zimandiwawa mtima kuona ma injini abwinobwino akupsa ndi nkhani yoti tikanangoimvetsa pang'ono bwenzi galimoto zambiri zili pamsewu. Madalaivala tagawikana pawiri. Ena amati antifreeze, mankhwala osakaniza ndi madzi a mu rediyeta, ndi wa kumaiko kogwa chipale basi, kotentha madzi a pampopi ndi okwanira. Ena amagula botolo losasungunula lija nkukhuthulira lonse mu rediyeta osathiramo ndi dontho lomwe la madzi, ati injini isadzawirenso. Onsewa akulakwitsa, ndipo ine ndinali m'gulu lachiwirili.

Madzi okhaokha amawira pa madigiri 100, izi tonse tinaphunzira ku sukulu, ngakhale kuti kumalo okwera amawira msanga, mamita 300 alionse omwe mwakwera amachotsapo pafupifupi digiri imodzi. Mankhwala omwe ali mu antifreeze wambiri ndi ethylene glycol, ndipo payekha amawira pa madigiri 197. Nde munthu ukamva 197 umaganiza kuti ukasakaniza theka madzi theka mankhwala ndekuti wafika cha mma 150, ayi ndithu, umangofika cha pa 107 basi, chifukwa madzi omwe ali mmenemo ndi amene amayamba kusanduka nthunzi ndipo sadikira mnzawoyo. Mwangowonjezera madigiri 7 okha.

Chimene chimagwira ntchito yaikulu ndi kachinthu komwe ambirife sitikayang'ana nkomwe, kapu ya rediyeta. Ija si chivindikiro wamba ayi, mkati mwake muli sipuling'i ndi raba zomwe zimatsekera presha, ndipo pamwamba pake mukapukuta fumbi muona nambala ngati 0.9 kapena 1.1, imeneyo ndi presha yake mu bar. Madzi akapanikizika sawira msanga. Pa bar imodzi madzi okha amafika madigiri 120 asanawire, theka ndi theka uja amafika cha pa 128. Ndekuti kapu yokha ikukupatsani madigiri 20, antifreeze akukupatsani 7 kapena 8, tsono tangoganizani munthu akugula mabotolo a mankhwala mwezi ndi mwezi pomwe kapu yake inatha kalekale.

Zinandichitikira ine ndemwe. Geji ya kutentha kwa injini imangokwera ndikakhala pa chitunda, ndinathira antifreeze yekhayekha koma sizinasinthe, mwinanso zinanyanya, mpaka tsiku lina nthunzi inatulukira mmbali mwa boneti. Makaniko wina wachikulire anadikira injini izizire kaye, natsegula kapu, naitembenuza nkundionetsa. Raba inali itauma gwa, yong'alukang'aluka ngati chidendene, ndipo sipuling'i anangoidina ndi chala chachikulu nkulowa popanda kulimbalimba. Kenako anaviika chala mu rediyeta natikita, anati bambo izi zikunanda chonchi mwathiramo madzi koma? Ndinangoti kukamwa yasa.

Vuto la mankhwala okhaokha ndi loti sanyamula kutentha bwino ngati madzi. Kuti kilo imodzi ya madzi itenthe ndi digiri imodzi pamafunika ma kilojoule pafupifupi 4.2 pomwe glycol amangofuna 2.4, ndekuti ulendo uliwonse omwe akuzungulira kuchoka mu injini kupita ku rediyeta akusenza katundu ochepa, komanso ndi onanda nde pampu imavutika kumukankha mtimapaipi ting'onoting'ono tija. Inde iyeyo sawira, koma chitsulo cha injini chikupsabe mkatimo. Ngakhale kumbali ya kuzizira komwe dzina lake likuchokera, payekha amaundana pa -13 pomwe theka ndi theka amapirira mpaka -37. Mankhwala akapyola magawo 70 pa 100 palibe chomwe mukupindula.

Mwina wina afunsa kuti kuwirako kuli ndi vuto lanji poti injini imatentha kale. Injini yabwino imayenda cha mma 90, nde mpata omwe ulipo pakati pa 90 ndi pomwe madzi akuwira ndiwo moyo wake. Kuwira sikuyambira mu rediyeta ayi, kumayambira mu hedi, pafupi ndi ma valavu otulutsa utsi pomwe pamatentha kwambiri. Pakangopangika thovu la nthunzi pamenepo madzi sakhudzanso chitsulo, nthunzi sinyamula kutentha kwenikweni, malo amenewo amapsa okha, hedi imapindika makamaka ikakhala ya aluminiyamu, gasiketi nkupserera, mawa lake mukupeza oilo wasanduka ngati mkaka.

Inu a madzi okhaokha musasangalale. Zoona madzi amaziziritsa bwino, koma mu antifreeze mulinso mankhwala oteteza dzimbiri, ndipo popanda amenewo mudzatsegula tsiku lina nkupeza madzi ofiira ngati a m'chithaphwi, pampu itadyeka mapiko, tinjira ta mu rediyeta titatsekeka ndi zoyerayera zomwe madzi a pampopi amasiya akamatenthedwa. Nchifukwa chake posakaniza pamafunika madzi a distilled, aja timathira mu batire, osati asidi chonde. Muziwerenganso botolo, lina limabwera losakaniza kale lina ayi, ndipo mukathira madzi mu losakaniza kale ndekuti mwalisukulutsa. Chimodzimodzinso kumangowonjezera madzi mmawa uliwonse, pakatha miyezi ingapo mwatsala mtundu okha mphamvu mulibe, komanso madzi akamachepa daily ndekuti penapake pakudontha, pafufuzeni.

Amakaniko ndikupempheni, munthu akabwera ndi galimoto yotentha yambani mwaona kapu, fani ndi ma hosi musanathamangire kuchotsa thermostat nkuitaya, kachipangizo kaja kotsegula ndi kutseka njira ya madzi malinga ndi kutentha kwa injini sanakaikemo mwangozi.

Chomwe chimandiopsa kwambiri ndi kuona munthu akutsegula kapu injini ili yamoto, kansanza kali mmanja. Madzi aja akhoza kukhala ali pa 115 koma ali phee chifukwa cha presha, mukangopotokola presha imathawa ndipo amawira nthawi yomweyo nkukuthovukirani kumaso ndi mmikono. Dikirani mpaka hosi yapamwamba izizire ndi kufewa mukaifinya. Ndipo zotsala mu botolo kapena zomwe mwakhetsa musazisiye mu beseni pabwalo, ethylene glycol amatsekemera koma ndi poizoni, amawononga impso, ndipo mwana kapena galu akaona madzi obiriwira okongola aja sadziwa zimenezo.

Ine wanu,
Dalaivala wokhudzidwa