Laisensi ya takisi isakhale katundu wogulitsana

Akonzi,

Nkhani ya malaisensi a takisi ikabuka, mkangano umangothera pa funso limodzi: boma liike malire a chiwerengero cha matakisi kapena lilole aliyense kulowa? Ife tikuona kuti chomwe chimakhudza kwambiri thumba la dalaivala ndi china: laisensiyo ili m'manja mwa yani, ndipo kodi ingagulitsidwe?

Mu 1937 mzinda wa New York unaika malire a matakisi kudzera mu lamulo lotchedwa Haas Act. Chilolezo chake ndi kachitsulo kokhomedwa pa boneti, kotchedwa medallion, ndipo lero tizitsuloti tilipo 13,587. Popeza lamulo limalola kugulitsana, mtengo wa kamodzi unakwera mpaka kupitirira madola 1 miliyoni pofika 2014. Madalaivala ambiri, makamaka obwera kuchokera kumaiko ena, anatenga ngongole zikuluzikulu poganiza kuti kachitsuloko kadzakhala penshoni yawo. Koma Uber, kampani ya galimoto zoitanitsa pa foni, inali italowa kale mumzindamo mu 2011, ndipo galimoto zake sizinkafunika medallion. Patangopita zaka zochepa mtengo uja unatsika kufika pansi pa madola 200,000, pomwe ngongole inali pomwepo. Mu 2018 madalaivala angapo anadzipha. Zinatengera madalaivala kudzimana chakudya masiku 15 mu 2021 kuti mzindawo ndi obwereketsa avomere kutsitsa ngongole za ambiri kufika madola 170,000.

Ngakhale mtengo usanagwe, laisensi yogulitsika imamudyera dalaivala masuku pamutu tsiku ndi tsiku. Wogula amakhala yemwe ali ndi ndalama, ndipo nthawi zambiri sakhala pa chiwongolero. Iye amabwereketsa laisensi pamodzi ndi galimoto, dalaivala n'kumapereka ndalama yokhazikika pa shifiti, mafuta n'kugula yekha. Maola oyamba onse amagwirira mwini laisensi. Ndalama yakeyake imayamba akakwanitsa tageti. Boma likakweza mtengo wokwerera pofuna kuthandiza dalaivala, mwini laisensi nayenso amakweza tageti, ndipo ndalama yowonjezerayo imangodutsa m'manja mwa woyendetsa. Ichi n'chifukwa chake kukweza mitengo popanda kuika malire pa ndalama yobwereka laisensi sikuthandiza munthu amene tikumunenayo.

Tisanamizane kuti kutsegula chitseko ndiye mankhwala. Dziko la Ireland linachotsa malire mu Novembala 2000 khoti litagamula. Laisensi yomwe anthu ankagulitsana pafupifupi mapaundi a ku Ireland 80,000 inayamba kupezeka ku boma pa mapaundi 5,000, ndipo matakisi a ku Dublin, likulu la dzikolo, omwe anali 2,722, anachuluka katatu m'zaka ziwiri. Okwera anapindula, sitikana. Koma okwera sachuluka chifukwa choti galimoto zachuluka. Dalaivala amadikira nthawi yaitali pa renki, amayenda makilomita ambiri opanda munthu, pomwe inshuwalansi, ngongole ya galimoto ndi sevisi sizitsika. Kuti apeze yomwe ankapeza kale amawonjezera maola, ndipo ndalama ikavuta choyamba kusiyidwa ndi matayala ndi mabuleki.

Ku London laisensi ya dalaivala wa takisi zakuda zija imamatidwa kwa munthu ndipo sigulitsidwa. Wofuna kuipeza amakhoza mayeso otchedwa Knowledge: kuloweza njira 320 ndi misewu yomwe ili mkati mwa mamailosi asanu ndi limodzi kuchokera pa Charing Cross, pakati pa mzindawo, zomwe ambiri zimawatengera zaka zitatu kapena zinayi. Mayeso otere ndi olemetsa mopitirira muyeso masiku ano a mapu a pa foni, komabe mfundo yake ndi yabwino: chotchinga ndi luso, ndipo palibe amene amalowa mu ngongole pogula pepala.

Pempho lathu kwa opereka malaisensi ndi lakuti laisensi iperekedwe kwa munthu woyendetsa, imodzi basi, ndipo akasiya ntchito ibwerere ku ofesi kuti ipite kwa wotsatira pa mndandanda woonekera kwa onse. Ngati chiwerengero chiyenera kukhala ndi malire, chisamachokere m'mutu mwa bwana. Mamita owerengera mtengo wa ulendo ndi mafoni amasunga kale maola omwe galimoto yayenda ndi munthu ndi omwe yayenda yopanda kanthu, ndipo nthawi yomwe okwera amadikira imayezeka. Okwera akamadikira kwambiri onjezani malaisensi pang'onopang'ono; galimoto zikamazungulira zopanda anthu imitsani kaye. New York inachita kuphunzira mochedwa, pomwe mu 2018 inaimitsa kupereka malaisensi atsopano kwa galimoto za pa foni ndi kuika malipiro ochepetsetsa a madola 17.22 pa ola, zolipira za galimoto zitachotsedwa.

Komwe malaisensi anagulitsidwa kale, boma lisangowathetsa usiku umodzi. Ndilo linalola msikawo, ndipo kwina, monga ku New York, linagulitsa lokha malaisensi pa okushoni n'kulandira ndalamazo. Liyambe lawerenga amene ali ndi laisensi imodzi ndipo akuyendetsa okha, lione ngongole yomwe yawatsalira, likambirane ndi obwereketsa lamulo latsopano lisanayambe kugwira ntchito.

Ndife,
Owerenga okhudzidwa ndi ntchito ya matakisi