Ndinamuletsa ngongole ya boma, nanga fizi ndiitenga kuti?

Azakhali,

Ndikulemba ndili panja pamkeka, nthawi yadutsa 1 koloko ya usiku. M'nyumba simukugoneka ndi kutentha kwa Okutobala kuno ku Ngabu, koma ngakhale kukanazizira, tulo sindikanatiwona. Mwana wanga wamkazi anakhoza MSCE ndi mapointi 14, dzina lake linatuluka pa mndandanda wa NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede, wasankhidwa kupita ku yunivesite ya boma kumtunda. Kalata ikuti akayambe mu Januwale. Ngongole ya boma ya ophunzira sanapemphe. Ndinamuletsa ndine, ndipo nthawi yopempha inatha.

Musanandidzudzule, mumve kaye. Ndakhala mlembi wa banki mkhonde zaka 7, ngongole ndimaidziwa ngati chikhatho changa. Kwathu timabwereketsa pa 20 peresenti pamwezi. Ukatenga K100,000, mwezi ukatha ndi K120,000. Ukalephera, timawerengera pamwamba pa yomweyo, ifika K144,000, mwezi wachitatu K172,800. Dzanja langali lalemba mayina a amayi omwe tinakawatengera mbuzi m'khola ana akuwona. Katapila ndiye osanena. Mu 2022, namondwe Ana atakokolola thonje lathu, bambo a mwanayu analowa m'katapila. Zomwe ndalamazo zinakachita sindilemba pano. Mungodziwa kuti ngolo ndi ng'ombe ziwiri zokoka zinapita. Ndiye mwana atabwera ndi nkhani ya mafomu a HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, ine ndinangomva mawu akuti ngongole, ndinati pakhomo pano ayi. Bambo ake anali pomwepo, akusenda mzimbe, sanayankhule kanthu. Lero akuti ndawononga tsogolo la mwana ndine.

Pano ndamvetsa kuti ngongole imeneyo munthu amabweza akamaliza sukulu, sabwera kudzamasula mbuzi pakutha pa mwezi. Koma ndikudziwanso kuti si onse opempha amene amapatsidwa. Pamudzi pano pali mnyamata yemwe anapempha bwinobwino, dzina silinatuluke, makolo ake ali m'madzi omwewa.

Masamu ndawapanga m'kope la gulu, kumapeto kwake. Fizi ya pakalata ndi K650,000 pachaka, ndiye semesita imodzi K325,000. Malo ogona a pasukulu sakwanira onse, ndawerengera chipinda cha kunja chogona awiri, K35,000 pamwezi, miyezi inayi K140,000, ndipo eni nyumba amafuna miyezi iwiri pamodzi usanalowe. Chakudya ndaika K90,000 pamwezi, poti ufa, nyemba ndi nsomba zouma azinyamula kuno, kumeneko azingogula makala, mafuta ndi tomato. Imeneyo K360,000. Basi kupita ndi kubwera ndi katundu K40,000. Bandulo ya intaneti, kusindikiza ndi sopo K15,000 pamwezi, K60,000. Zonse pamodzi K925,000 pa semesita yoyamba yokha. Laputopu sindinaiwerengere. Bulangete ndi juzi sindinawerengerenso, mwana wa kuchigwa sanakhalepo ndi juzi yeniyeni.

Zomwe ndili nazo ndi izi. Mbuzi 7, zitatu zili ndi bere. Mbuzi imatenga miyezi isanu, zimenezo sindingazigulitse chifukwa ndiye mbewu ya fizi ya chaka chamawa. Zinayi zotsalazo ndikazisunga mpaka sabata ya Khirisimasi, pomwe ogula ochokera ku Blantyre amatsika, ndingapeze K70,000 imodzi, zonse K280,000. Ndikachedwa mpaka Januwale mtengo umagwa, chifukwa aliyense amakhala akugulitsa kuti agule chimanga komanso alipirire ana a ku sekondale, ndipo mavenda amadziwa kuti wabwera ndi vuto. Gulu lathu ligawana mu Disembala, masheya anga ndi phindu afika pafupifupi K210,000. Chimanga chachiwisi cha kudimba ndagulitsa kale, nditachotsa za aganyu ndi mafuta a pampu yobwereka zatsala K95,000, ndipo mizere ya kufupi ndi madzi mvuu zinadya usiku umodzi wokha. Kuphatikiza zonse K585,000. Ikuperewera K340,000, komanso ndikatero ndiye kuti pakhomo sindinasiye ya feteleza, ya mankhwala opopera thonje, ngakhale ya chimanga cha mu Febuluwale. Pali ana ena atatu.

Thonje ndi chitowe sizingandithandize pa Januwale. Timabzala ndi mvula ya mu Disembala, chitowe chimacha cha mu Epulo, ndalama ya thonje timaigwira Meyi kapena Juni. Imeneyo ndi ya semesita yachiwiri, ngati mvula yagwa bwino, ngati mbozi sizinalowe, ngati madzi sanabwere. Mu 2015, 2019, 2022 ndi 2023 madzi anabwera. Namondwe Freddy anasiya mchenga wofika m'mawondo pa theka la munda wathu wa kumunsi, mpaka lero pamamera bango lokha. Ndipo kuchokera pomwe kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, botolo la mankhwala a thonje lomwe ndinkagula ndi mbuzi yaing'ono tsopano likufuna yaikulu. Ukaphonya kupopera kawiri kapena katatu, thonje lonse ndi la giredi yotsika.

Yatsala ng'ombe imodzi yaikazi ndi thole lake. Ndikaigulitsa, dzenje la semesita yoyamba latsekeka ndipo laputopu yakale ipezeka. Koma sukuluyi ndi ya zaka zinayi, masemesita 8. Ng'ombe ndi imodzi. Komanso kugulitsa ng'ombe kuno si kungoitsogoza kumsika. Pamafunika kalata ya amfumu yotsimikiza kuti ndi yako ndi chiphaso cha alangizi a ziweto, ndipo matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akangomveka, misika ya ziweto ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatsekedwa, umangokhala nayo ukuyang'ana. Bambo ake akuti ng'ombeyo ndi ya banja lawo, yosagulitsa popanda akuluakulu. Pomwe zinkapita ziwiri zija akuluakuluwo sanafunsidwe.

Zitseko ndagogoda. Thandizo la fizi lomwe limadzera ku khonsolo ndi la thumba la chitukuko cha m'dera la CDF, kwambiri ndi la ana a ku sekondale. A CAMFED amathandiza atsikana, koma wanga sanali m'gulu lomwe anatengedwa ali ku sekondale, nthawi imeneyo tinkaoneka ngati opeza chifukwa cha ngolo ija. Mtukula Pakhomo ndi wa mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, ife sitilimo. Ku tchalitchi anasonkha pepala Lamulungu lapitali, panatuluka K38,500, ndipo sindikudandaula, anthuwo nawonso akudya kamodzi. Mchimwene wake wamkulu amadula nzimbe ku Nchalo, koma ntchitoyo ndi ya nyengo, ikatha cha mu Novembala amabwerera kunyumba, ndipo mkazi wake ndi woyembekezera.

Za alamu anga a ku Johannesburg ndiye zimandiwawa. Mwana atakhoza anaika chithunzi chake pa Facebook, nalemba kuti mwana wathu, magazi athu. Anthu 200 anayamikira. Nditawatumizira uthenga wa fizi, anawerenga, zizindikiro zinasanduka zabuluu, anakhala masiku 9 osayankha. Kenako anatumiza nsapato. Nsapato zake nambala 4, mwana amavala 6. Pamaliro a apongozi ndinaphika ndine masiku atatu, nkhuku zisanu zinali zanga, palibe anandibwezera ngakhale nthenga. Sindikuti ali ndi ngongole kwa ine, koma munthu ukati mwana wathu, uzitanthauza. Mwina nawonso zikuwavuta, sindikudziwa za kumeneko.

Pali china chomwe bambo ake sakuchidziwa. Bambo wina wogula ng'ombe, wa msinkhu wa atate ake, anandiimika pamsika nkunena kuti fizi yonse alipira, si ngongole, ndi kuthandiza chabe, bola mwanayo azipita yekha kukatenga ndalama akatsika kumtunda. Ndinamuthokoza nkuchoka. Sindine mwana, ndikudziwa mtengo wa thandizo lotero. Koma ndinaima kaye pang'ono ndisanachoke, ndipo kuimako kukundichititsa manyazi mpaka pano. Ndikuopanso kuti ndikamutumiza mwana kumtunda ndi fizi yokha, wopanda ya chakudya, a mtundu womwewo akamupeza kumeneko ine kulibe.

Bambo ake akuti aiwale za yunivesite, adikire za uphunzitsi ku TTC kapena alowe za ntchito zamanja za TEVETA aphunzire zamagetsi, zotsika mtengo ndipo sachedwa kuyamba kupeza yake. Sindikunyoza ntchito zimenezo. Koma mwanayu anawerengera pa tochi ya foni zaka ziwiri, kalasi yawo itakhala msasa wa anthu othawa madzi, nkupezabe 14.

Ndiye Azakhali ndithandizeni. Kodi munthu angalipire theka la K325,000 nkuloledwa kulembetsa ndi kulowa m'kalasi, yotsalayo nkumaliza mayeso asanayambe? Ngati nkotheka, kalatayo imapita kwa ndani, kwa mkulu woona zolembetsa kapena woona za umoyo wa ophunzira, ndipo tilembe tsopano kapena akafika? Akapempha kuti malo ake asungidwe chaka chimodzi, amaloledwa, kapena malowo amapita kwa wina? Ndikuopa kuti chaka chokhala pakhomo chimabala zina. Kodi wa chaka chachiwiri angapemphe ngongole ya boma ija ngakhale chaka choyamba sanapemphe? Ndikavomera zimenezo ndiye kuti ndikungofuna K340,000 iyi ndi ya semesita yachiwiri, ng'ombe ndiigulitse? Kapena ndiisunge, ndigulitse thole lokha likakula, mwana ayambe ndi njala? Nanga makampani ndi mabungwe omwe timamva pawailesi kuti alipirira ophunzira osowa, amawapeza bwanji anawo, ndi sukulu imene imapereka mayina kapena munthu umalemba wekha?

Mwanayu sanandinenepo kanthu. Akanandikalipira bwenzi zili bwino. M'mawa uliwonse amanyamula chidebe cha madzi ozizira a m'mapepala kupita pa siteji ya basi, madzulo amabwera mapazi atayera ndi fumbi, nkuthira ndalama m'chitini cha mkaka chomwe analembapo kuti Januwale. Dzulo tinawerenga limodzi, muli K27,300. Atamaliza anandifunsa ngati kumtunda kumazizira kwambiri moti juzi imodzi singakwane. Ndinamuyankha kuti tiona. Kodi ndimuuze tsopano kuti ndalama sizikukwana, kapena ndidikire mbuzi zigulitsidwe kaye?

Mayi wosowa tulo,
Ngabu, Chikwawa