Chilengezo: Ulendo wa ku Mua

Amayi ndi abambo a gulu lathu,

Ulendo wa ku Mua umene tinagwirizana uja uchitika Loweruka likudzali. Minibasi inyamuka mbandakucha, choncho tisachedwe.

Tikupita ku KuNgoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 pa mishoni ya Mua m'boma la Dedza. Tikaona osema ali pantchito, ndiponso tikalowa m'nyumba ya Chamare momwe amasunga zigoba za gule wamkulu ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Osema athu, konzani mafunso, makamaka a mitengo, popeza mlombwa ndi phingo zikusowa masiku ano.

Pempho langa lalikulu ndi ili: aliyense atengeko mwana kapena mdzukulu mmodzi. Zimandipweteka mtima kuona agogo athu akuumba mbiya ndi kuluka malichero okhaokha, popanda wachinyamata wokhala pambali n'kumaonera m'mene nsungwi amaisendera.

Oluka mikeka ya mlaza ndi mphasa za bango, nyamulaniko zitsanzo zochepa. Ndalama ya thiransipoti perekani kwa msungichuma pofika Lachinayi. Kamba aliyense adzitengere.

Ine wanu,
Mlembi wa gulu