Makhonsolo asamanjenjemere ndi eni matimu

Mkonzi,

Stediyamu yomangidwa ndi ndalama za misonkho isamabwerekedwe kwa timu mwakabisira, pangano lake lizikhala poyera aliyense aziwerenga.

Taonani za West Ham, timu ya mpira ya ku England. London Stadium anaimangira ma Olympics a 2012 ndi ndalama za boma, timuyo inalowamo mu 2016 pa pangano la zaka 99, lendi yake poyamba inali mapaundi 2.5 miliyoni pachaka, koma zambiri zoyendetsera bwalolo monga olondera anthu tsiku la gemu amalipira ndi mwini bwalo, ndiye kuti okhoma msonkho, ena mwa iwo mpira sauonera n'komwe. Panganolo linabisidwa mpaka masapota anachita kulimbana kuti lituluke.

Ku Coventry City, timu inanso ya ku England, zinafika poipa mu 2013, timuyo inakangana ndi oyendetsa bwalo za lendi ya Ricoh Arena, bwalo lomwe khonsolo inali ndi gawo, mpaka timu inakasewerera ku Northampton, masapota kumakwera basi ulendo wautali kukaonera gemu yoti ndi yapakhomo. Ife oonera mpirafe timaziona, mwini timu akangoopseza kuti asamuka basi makhansala miyendo gwedegwede poopa kuluza mavoti, kenako amasaina zilizonse.

Lendi izikwera timu ikakwera ligi, khonsolo izilandirako gawo la ndalama za matikiti ndi za kampani yogula dzina la bwalo. Ndipo panganolo liziunikidwanso zaka zisanu zilizonse pamsonkhano woti anthu alowe, osati kumangirira zidzukulu zathu zaka 99.

Wokonda mpira