Kalata ya Abusa: Za Ofera Chikhulupiriro ndi Akaidi a Ndale

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Mtendere wa Khristu ukhale nanu. Ena mwa inu mwakhala mukundifunsa ngati munthu wofera m'ndende pa zifukwa za ndale tingamutche wofera chikhulupiriro, ndipo ndaganiza zoyankha mpingo wonse pamodzi.

M'Chigiriki cha Chipangano Chatsopano, liwu lotchulira ofera chikhulupiriro limatanthauza mboni. Stefano sitimukumbukira chifukwa cha kupweteka kwa miyala, koma chifukwa chakuti anachitira umboni Yesu pamaso pa bwalo la akulu, ndipo miyala ili kumugwera anagwada n'kupempherera omupha. Augustine, bishopu wakale wa ku Hippo, anaphunzitsanso kuti chofunika si kukula kwa chilango, koma chimene munthuyo wavutikira. Paja pa Gologota panali mitanda itatu, koma wosalakwa anali mmodzi. Choncho sindinganene kuti aliyense womangidwa polimbirana mpando ndi wofera chikhulupiriro, ngakhale atazunzidwa mopanda chilungamo.

Komabe apa m'pofunika kusamala kwambiri, chifukwa wolamulira wankhanza savomera kuti akupha munthu chifukwa cha Mulungu. Mlandu amaulemba ngati wa ndale. Yohane Mbatizi anatsekeredwa chifukwa chodzudzula Herode pa ukwati wake ndi Herodiya, ndipo mutu wake unabwera m'mbale paphwando la mfumu. Mu February 1977, Arkibishopu Janani Luwum wa mpingo wa Anglican ku Uganda, atadandaulira Idi Amin, yemwe ankalamulira dzikolo, za kuphedwa ndi kusowa kwa anthu, ananamiziridwa kuukira boma. Boma linalengeza kuti wafa pangozi ya galimoto, koma mtembo wake unapezeka ndi mabala a zipolopolo. Pa pepala la boma anali woukira, pomwe mpingo umamuwerenga pakati pa ofera chikhulupiriro, ndipo ine ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse, pakuti chimene chinamutsegula pakamwa ndi Uthenga Wabwino.

Chimene chimandivutitsa ine n'chakuti timatha kutsutsana za dzina loyenera womwalira pamene wamoyo ali m'chitolokosi wopanda womuzonda. Ahebri 13:3 akutiuza kukumbukira am'ndende ngati kuti tamangidwa nawo pamodzi, ndipo sakutiuza kuti tiyambe tafunsa chipani chawo. Ndikupempha akulu a mpingo kuti Lamulungu likudzali tikawapempherere m'mapemphero athu, komanso tikonze zoyendera mabanja awo.

Ine mtumiki wanu mwa Khristu,
Abusa a mpingo wanu